Tinanyamula ndowa 6, tinabwerako ndi 7: ulendo wa sewero lathu ku Chigwa cha Shire

Ine m'gulu lathu la zisudzo ndili ndi ntchito ziwiri. Pasiteji ndimakhala jaji wachitatu, uja amaodzera mpikisano uli mkati n'kudzadzidzimuka nthawi yopereka malikisi. Ikafika nthawi yopuma ndimavula jekete n'kukhala wowerenga mavoti. Ndiye anzanga atati wina alembe za ulendo wathu wa ku Chikwawa ndi Nsanje, zala zonse zinaloza ine, ati mwini kabuku ka manambala sanganame.

Kwa amene simunalionepo, seweroli ndi loseka mipikisano yoimba ija ya pa TV, yomwe munthu amayamba kulira asanatsegule n'komwe kukamwa, majaji akupikisana Chingerezi, wolengeza n'kumazengereza kutchula wopambana mpaka nsima kuzizira. Tili ndi opikisana 6, aliyense ndi nyimbo yake imene tinapeka tokha. Pali mnyamata wa hip hop amene dzanja limodzi lili pa mayiki, lina likugwiriza thalauza. Pali mayi wa nyimbo zauzimu amene amathokoza abale ndi alongo kwa mphindi zisanu, nyimbo yake n'kukhala ya mphindi imodzi. Wolengeza amatsegula ndi mawu akuti, "Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma lero takubweretserani oipa osadziwanso nyimbo." Pakhomo aliyense amalandira chitsekerero cha botolo, ndipo popuma amakachiponya mu ndowa ya amene wamusangalatsa. Ndowa yolemera ndiyo imalamula mathero, choncho pa miyezi itatu imene tinkayeserera m'kalasi ina ku Chilomoni tinaloweza mathero 6. Mphoto ya wopambana ndi tikiti ya sitima yapamadzi yonyamukira padoko la Nsanje.

Wopikisana wa nambala 6 ndiye nkhani yonse ya lipoti lino. Ankaimira Chigwa cha Shire. Tinamulemba tili ku Blantyre, ife anthu odziwa chigwachi kudzera pa nkhani za pawailesi mvula ikagwa. Ankalowa atanyamula thumba lopanda kanthu, akuimba m'chinenero chomwe ife tinkati ndi Chisena, kuti iwo kumtunda sasamukirako, boma lingobweretsa ufa. Ku Blantyre anthu ankafa nalo phwete. Woimba ng'oma wathu, yemwe kwawo ndi kwa Chapananga ku Chikwawa, anatiuza kawiri konse kuti, "Anzanga, izi kwathu musakaziyerekeze." Tinamuyankha kuti nthabwala ndi nthabwala.

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, kumapeto kwa Okutobala, anthu 14 mu minibasi ya hayala, masipika awiri, kiyibodi, jenereta yobwereka ndi ndowa zathu. Kuchoka ku Blantyre kufika pa Chikwawa Boma ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma msewu wa M1 ukayamba kutsetsereka m'makhotamakhota aja opita ku Thabwa, umadziwa kuti walowa dziko lina. Kumunsiko Shire ankanyezimira ngati lamba wotayidwa m'tchire. Mabuleki anayamba kununkha, mayi wathu wa nyimbo zauzimu anayambitsa kolasi, ndipo ulendo uno sanali kusewera. Pofika pamlatho wa Kamuzu tonse tinali titavula majuzi, mphepo yolowera pazenera ikuotcha ngati ya pang'anjo.

Za pa Chikwawa Boma ndingonena mwachidule. Tinaika sewero 2 koloko masana m'holo ya malata, nyengo imene kutentha kumeneko kumafika madigiri 40. Ndevu za jaji wamkulu zinamatuka n'kugwera m'kapu ya madzi, anthu n'kuyesa kuti n'zokonzekera. Kuyambira tsiku limenelo sitinayambenso sewero dzuwa lisanapendeke. Nambala 6 anapeza zitsekerero zitatu zokha. Ndinalemba m'kabuku, osaganizirapo kanthu.

Lachisanu tinali ku Nchalo. Ukamayandikira, minda ya nzimbe ya Illovo imakuperekeza mbali zonse, yobiriwira pamene kwina konse kuli gwa. Anali masiku a malipiro, anthu anabwera ambiri, ndipo pa Nchalo umapeza aliyense: Amang'anja, Asena, Alomwe, ngakhale ochokera kumpoto. Tinachitira pabwalo, titatchinga ndi masaka. Oyamba asanu aja anadutsa bwino kwambiri, mnyamata wa thalauza anachita kumuimitsa kuti abwereze. Kenako analowa nambala 6 ndi thumba lake.

Bwalo lonse linangoti zii. Panalibe wokuwiza, panalibenso wotukwana, bola akanatukwana. Jenereta yokha ndiyo inkamveka. Ine amene ndimayenera kukhala mtulo ndinatsegula diso limodzi n'kuona anthu akuyang'anizana. Mnzathuyo anaimba mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, n'kutuluka popanda woomba m'manja.

Popuma ndinaima pa ndowa monga mwa masiku onse. Kunabwera mayi wina wachikulire ndithu, beseni la zitumbuwa lili m'chiuno. Sanaponye chitsekerero chake mu ndowa iliyonse. Anandigwira dzanja, n'kuchiika m'chikhatho mwanga, n'kupinda zala zanga.

"Mwananga, mnyamata uja amayankhula chiyankhulo chanji?"

"Chisena, mayi."

"Ine Chisena ndinayamwira. Sindinatolepo ngakhale liwu limodzi."

Ndinafuna kuseka kuti nkhani ipepuke, koma nkhope yawo sinandilole. Anandiuza kuti madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anawatengera nyumba ndi mbuzi, ndipo anagona m'kalasi pamsasa kwa masabata. Chaka cha 2022 namondwe wa Ana anali atawapanda kale, 2019 Idai, 2015 madzi aja a mu Januwale. Ankawerenga zakazo pazala ngati mayina a ana awo. "Mukamati tinakana kusamuka, dimba langa ndilisenze pamutu? Kumtunda mukuti tipiteko kuli eni ake, ndiponso n'kouma. Madzi akaphwa, mbatata ndi chimanga timadzala m'matope momwemo, n'zimene timadya chaka chonse. Nanga madziwo amagwa kuno? Amachokera kwanu kumapiri. Mitengo munatha, makala mukuphikira ku Blantyre." Atatero anasenza beseni lawo n'kupita kukagulitsa.

Zimene ananenazo si zachilendo kwa aliyense amene anaphunzirako za chigwachi. Mvula ya m'chigwachi ndi yochepa. Madzi amene amasefukira amatsika ndi Ruo kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo, ena ndi mtsinje wa Mwanza, ena ndi Shire yemwe, ndipo amabwera ndi mchenga wa m'mapiri ometedwa n'kukwirira mitsinje. Ngakhale ife a m'tauni tinalawako mu 2022, Ana atagumula damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, tikugona mumdima miyezi yambirimbiri. Zonsezi tinkazidziwa. Kungoti polemba sewero tinasankha nthabwala imene inali pafupi.

Usiku womwewo tinapita ku Ngabu, kumene gulu la achinyamata la kumeneko linatilandira. Iwowa ndi amene tinagwirizana nawo zochezerana, ife kutsika, iwo kudzakwera. Anatikonzera nsima ya mapira ndi nyama ya mbuzi, n'kutiyalira mikeka m'kalasi. Tulo sitinatione, kwina udzudzu, kwina mkangano. Mkulu wa sewero anaumirira kuti nthabwala yosaluma ndi phala. Woimba ng'oma anafunsa kuti, "Ilume, inde, koma ikuluma ndani?" Ena amati nambala 6 tingomuchotsa. Mwini gawolo anakhala pakona, mutu uli m'manja, akuti iye mawa sakwera pasiteji ngakhale timulipire.

Amene anatimasula ndi mtsikana wina wa gulu la ku Ngabu, yemwe nthawi yonseyi ankangomvetsera akusenda mtedza. Anati, "Achimwene, musamuchotse. Chisena chakecho n'chabodza eti? Ndiye akhale wabodza. Akhale wa ku Ndirande amene wabwera kudzadyera dzina lathu, ine ndimugwire."

Mpaka 2 koloko ya usiku tinali tikusoka gawolo mwatsopano. Nambala 6 amalowabe ndi thumba lake, amayambabe nyimbo yake, koma ali pakati mtsikana uja amadzuka pakati pa anthu n'kumulonjera m'Chisena chenicheni. Iye amangoti kukamwa yasa, n'kumayankha "takhuta", kutanthauza zikomo, pa funso lililonse, chifukwa ndi liwu lokhalo limene akulidziwa. Akamufunsa kwawo, "takhuta". Akamufunsa dzina la mfumu yake, "takhuta". Kenako mtsikanayo amamulanda mayiki n'kuimba nyimbo ya mlendo wa galimoto yaikulu amene amafika pamsasa, kugwirana chanza ndi gogo atanyamula thumba limodzi la ufa, kujambulitsa, n'kubwerera fumbi lili kobo dzuwa lisanamuwambe. Anzake anayi amalowa ndi gule wa utse, ng'oma zikulira, ndipo majaji atatu tonse timathawa pampando.

Loweruka pa Ngabu gawo limeneli linagwetsa anthu pansi. Abambo ena amene anachokera kumsika wa ng'ombe anaponya chipewa m'mwamba osachipezanso. Nambala 6 anapambana koyamba chiyambire seweroli, ndipo tinachita kukumbutsana mathero ake kuseri kwa nsalu chifukwa tinali tisanawagwiritsepo ntchito. Kunena zoona, ine ndimaona kuti gawo latsopanoli ndi loseketsa kuposa lakale ngakhale kwa munthu wa ku Blantyre, chifukwa aliyense amadziwa wina wake amene amadyera pa mavuto a eni.

Lamulungu pa Bangula jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima, wopikisana wachinayi ali pakati pa nyimbo. Kiyibodi zii, mayiki zii. Anyamata akulimbana ndi pulagi, anthu anayamba kuyatsa matochi a mafoni. Apo n'kuti pambali pa bwalo pali agogo ena amene anabwera ndi ulimba wawo, poti otilandira anawapempha kuti adzasangalatse anthu sewero likatha. Osafunsa munthu, anakoka ulimbawo n'kuuika kutsogolo, anyamata awo awiri n'kukhala nawo. Ndinali ndisanauonepo pafupi chonchi: timatabwa tosemedwa toyalidwa mondondozana kuyambira tatifupi mpaka tatitali, pansi pake zikho zazikulu ndi zazing'ono, chilichonse chili ndi kabowo komatidwa ndi kanthu kopyapyala kamene kamanjenjemera n'kupangitsa mawu kuchita nzii. Anthu atatu pa chida chimodzi, aliyense akuomba zake, koma zikukumana. Sipika panalibe, koma mawu anafika mpaka kumsewu.

Nthawi yovota itakwana, mayi wina anakhuthula tomato m'ndowa yake n'kuiika pafupi ndi zathu zija. "Iyi ndi ya agogo." Ndinayesa kufotokoza kuti agogowo sali nawo mumpikisano, komanso kuti mpikisanowo ndi wabodza. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Nditawerenga, ndowa ya tomato inali ndi zitsekerero 143, zathu zonse pamodzi 61.

Mathero a nambala 7 tinalibe. Wolengeza anandinong'oneza kuti titani, ine ndinati alengeze zimene anthu avota. Agogo anakwera pasiteji pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti, "Ana anga, ndawina chiyani?" Wolengeza, mawu akunjenjemera, anati tikiti ya sitima yapamadzi ya padoko la Nsanje. Agogo anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kuti, "Pyadidi. Ndiisunga. Kudikira ndinazolowera, ya pamtunda ndinayamba kuidikira 1997." Ankanena za njanji imene inaduka chaka chimenecho madzi atakokolola pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, pomwe anthu opita ku Makhanga amaoloka pa bwato. Chiphwete chimene chinabuka pamenepo sitinachipezepo ndi mzere uliwonse umene tinalemba tokha. Mzerewo tinawapempha, anatipatsa, ndipo tsopano uli m'sewero.

Lolemba m'mawa pa Nsanje Boma tinapita kukaona doko lenilenilo, limene malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira mu 2010. Simenti ilipo, yaitali bwino, koma zoyandama zimene tinaona ndi mabwato a asodzi ndi a anthu oolokera tsidya la Mozambique. Tinajambulitsa titanyamula tikiti yathu ya katoni. Ena amafuna tikafike ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, koma otilandira anati kumeneko sumangolowa ngati pamsika, pamafunika chilolezo cha akuluakulu osunga malowo, ndiye tinazisiya. Madzulo nthabwala ya tikiti sinafunenso kuimaliza: wolengeza atangoti "sitima", anthu anamalizitsa okha.

Kumbali ya ndalama, msungichuma adzapereka lipoti lake, koma ndinene kuti zapakhomo sizinakwane mafuta ndi hayala. Pa Bangula ena analowa ndi mbatata, ena ndi milamba youma, ndipo tinalandira. Kutsidya kwa Shire, ku Makhanga ndi ku Fatima, sitinafikeko ngakhale anatiitana. Jenereta tinakaibweza kwa mwini wake ndi mawu ambiri opepesa. Mayi wa tomato anakana kulandira ndowa yake, ati ikhale ya aliyense amene angadzuke pakati pa anthu, choncho pokwera Thabwa Lachiwiri, minibasi ikulira ngati ng'ombe, inali pamiyendo panga pamodzi ndi milamba.

M'kabuku kanga, tsamba la Nchalo silikugwirizana: zitsekerero zimene tinagawa pakhomo zikuposa za m'ndowa ndi chimodzi. Chili m'thumba la jekete ya jaji wachitatu. A ku Ngabu akubwera mwezi wa Juni kudzasewera nafe ku Blantyre, ndipo atumiza kale uthenga wofunsa ngati tingawapezere majuzi.