Za ufa uja, imvani kwa mwini wake

Popeza nkhani yafika kale Chilomoni yonse, mpaka anyamata a kabaza ayamba kundiitana kuti "a Chigayo", bola ndinene ndekha ena asanaithire mchere. Choyamba, sindinakomoke. Amene akufalitsa zoti ndinakomoka ndi mlamu wanga, yemweyo amene anandiikira Black Mirror mu flashi.

Kwa inu amene simunaonere, ndi mafilimu a ku Britain a Charlie Brooker, anayamba mu 2011 pa Channel 4, kenako Netflix inawatenga. Gawo lililonse lili ndi nkhani yakeyake, koma zambiri zimathera poti zipangizo zomwe anthu anapanga okha zikuwasautsa. Ine ndinagwera pa gawo la Metalhead, la 2017, la zithunzi zakuda ndi zoyera basi. Muli maloboti ooneka ngati agalu, osauwa, ongosaka anthu n'kuwapha. Mayi wina m'menemo anathira penti kumaso kwa galuyo kuti asaone. Nzeru imeneyo ndinaisunga.

Magetsi anali atazima kuyambira madzulo, ndipo kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Ndinaonera mpaka batire ya laputopu inatha, tulo n'kundipeza pa sofa pabalaza pomwepo, nditavala kabudula yekha.

Pakati pa usiku nyumba yonse inadzuka nthawi imodzi. Furiji inabangula. Mita inayamba kulira tii, tii, tii. Sipika ija tinagula ku Limbe inayankhula yokha, mawu a mzimayi, m'Chingerezi, m'nyumba mwanga, usiku. Kuwala kunali kwa kagetsi kofiira ka TV basi. Ndiye pakona ndinaona chinthu cha mwendo umodzi chikutembenuza mutu pang'onopang'ono. Kumanzere. Kumanja. Kumanzere.

Masana ndimaidziwa bwinobwino kuti ndi fani, ndinagula ndekha. Koma munthu wodzidzimuka kutulo, amene wangoona anthu akutha, sakhala pansi n'kumaganiza kuti kapena magetsi abwera. Nonse mukusekanu mukanathawira pawindo. Ine ndinalimbana nayo.

Ndinadzigwetsa pansi chafufumimba. Ikayang'ana kukhomo, ine kukwawa. Ikabwerera, ine kufa. Ikapita, kukwawanso, mimba ikukhula simenti. Penapake inaima itandilunjika, mphepo yake ikundiomba pamsana, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunong'ona kuti, "Pepani bwana, ine ndilibe nanu mlandu." Inapukusa mutu. Inakana! Pamenepo ndinadziwa kuti zokambirana zatha.

Kukhitchini penti kunalibe. Kunali ndowa ya ufa woyera, wongobwera kumene kuchigayo. Ndinatapa beseni lodzadza, ndinanyang'ama, ndinaidikira itembenuke, n'kuikhuthulira kumaso konse.

Fani inali pa 3.

Abale, ufa wonse unabwerera kwa mwini wake. M'kamwa, m'mphuno, m'makutu. Wotsala unapita pa makatani, pa sofa, pa chithunzi cha ukwati wathu, ndipo fani ija inkangotembenukabe modekha, kugawa mbali zonse mosakondera. Mayi a kunyumba potsegula chitseko cha kuchipinda anaona chinthu choyera mbuu chili chiimire mu utsi, chikutsokomola, chitanyamula beseni.

"Mayo ine! Mzukwa!"

Aneba anafika ndi zibonga. Mayi wina anayamba kudzudzula ziwanda ali panja, asanaone n'komwe chomwe chachitika. Alandilodi anandiunika ndi tochi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anafunsa mwaulemu wonse: "Achimwene, ndinu amoyo?" Ndinayamba kuwafotokozera za agalu achitsulo, koma liwu lililonse linkatuluka ndi kafumbi, moti palibe anamvetsera. Mwana wawo wa sitandade 4 anangopita pakhoma n'kuzimitsa soketi.

Anthu atabalalika, mayi a kunyumba sanakalipe. Anangoyang'ana m'ndowa nati, "Bambo a mwana, ufa umenewu unali wa mwezi wonse."

M'mawa mwake tinadya mbatata. Fani ikugwirabe ntchito, kungoti ikayaka pabalaza pamamveka fungo la kuchigayo.