Kachidutswa kamodzi ka code, mapulojekiti atatu

Kuno ku Joni ndimapezera ya ndiwo polemba timapulogalamu ta a Malawi anzathu. Ndili nato titatu: ka achimwene ena onyamula katundu kuchokera kufupi ndi Park Station kupita ku Blantyre, ka amayi a chipereganyu a ku Rosettenville, ndi ka saluni ina ya ku Yeoville. Tonse titatu timatumiza mauthenga pafoni, ndiye timafuna nambala ya foni yolembedwa bwinobwino.

Anthufe timalemba nambala mmene tafunira. Wina ayamba ndi 0, wina 265, wina +27, wina athira mipata paliponse. Ndinalemba function, kachidutswa ka code kogwira ntchito imodzi, yowongola zimenezi, ndipo pulojekiti yatsopano ikabwera ndinkangoikopera. Vuto ndi loti nambala ya kumudzi ndi ya kuno, zikayamba ndi 0, zonse zimakhala ndi manambala 10. Function yanga inkangoti ikaona 08 kumayambiriro n'kumata +27, osadziwa kuti 088 ndi TNM ya kwathu. Ndinazikonza ku chipereganyu, kwa a katundu ndinaiwala. Matumba a mayi wina anagona masiku awiri ku Wenela, mwini wake osalandira uthenga. Foni imene ndinalandira usiku umenewo inayamba ndi "Achimwene, kodi tinakulakwirani chiyani?"

Loweruka lotsatira ndinaganiza zoti function ija ikhale pamalo amodzi, mapulojekiti onse azikatunga pamenepo. Ndinatsegula repo yatsopano, foda yosungira code, pa webusayiti ya GitHub, n'kulemba `npm init`, lamulo loyambitsira package (mtolo wa code woti mapulojekiti ena azigwiritsa ntchito) pa npm, chida chotsitsira ndi kutulutsira ma package. Dzina la package ndinaliyamba ndi @ kutsogolo kwa dzina langa la pa GitHub, zilembo zonse zing'onozing'ono. Mu package.json, fayilo yofotokoza za package, ndinadzaza `exports` kuloza fayilo yaikulu, ndi `files` kuti zinyalala zanga zoyeserera zisapite nawo. Kenako ma test, oyesa ngati function ikugwira bwino. Ndinatola mitundu yonse ya kalembedwe imene ndinakumanapo nayo, manambala ake ongopeka, 088 ija n'kuiika pamwamba penipeni.

Ndisanatulutse, ndinalemba `npm pack`. Lamulo limeneli limakumangira kamtolo ka .tgz kofanana ndendende ndi kamene ena adzalandire. Ndinakalowetsa mu pulojekiti ya saluni, ndipo pomwepo panaoneka kuti fayilo imodzi ndinaisiya kunja. Ena amakonda `npm link`, koma ine ndimaona kuti imanamiza, chifukwa imangoloza foda yonse ya pa kompyuta yako, zosowekazo siziwoneka.

Posungira package yanga ndinasankha GitHub Packages. Mu pulojekiti iliyonse mumafunika fayilo ya .npmrc youza npm kuti ma package a dzina langa azikatengedwa ku npm.pkg.github.com. Apa ndinatayapo madzulo athunthu, chifukwa kumeneko token, kiyi yachinsinsi yolowera, imafunika ngakhale potsitsa chabe. Pa laputopu zinkayenda, pa seva, kompyuta yoyendetsa mapulogalamuwo, zinkakana ndi 401, kutanthauza kuti ulibe chilolezo. Token simumailemba mu .npmrc yopita ku repo ayi. Mumalembamo dzina la environment variable, dzina loimira chinthu chosungidwa pa seva, token yeniyeniyo ikhale pa seva. `npm publish`, lamulo lotulutsira package, inatenga masekondi ochepa. Version 1.0.0.

Pomwe ndinapsa ndi pa manambala atatu a version aja. Womaliza umakwera ukakonza cholakwika, wapakati ukawonjezera chatsopano osagwedeza chakale, woyamba ukasintha zoti code ya ena ithyoke. Zimenezi ndinkazidziwa pamtima ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Patapita milungu ndinatopa ndi zolotera dziko la nambala, ndinasintha function kuti woitana azinena yekha, MW kapena ZA. Ndinaitcha 1.1.0, poganiza kuti ndangowonjezera kanthu kakang'ono.

Mu package.json ya chipereganyu munali `^1.0.0`. Kachipewa kameneko kamatanthauza kuti chilichonse chosafika 2.0.0 chilowe. Pulojekiti imeneyo inalibe package-lock.json, lock file yosunga ma version enieni oyenera kulowa, mu repo, seva inkangochita `npm install`. Nditasintha mawu ochepa chabe pa tsamba lawo n'kutumiza, 1.1.0 inalowa yokha, ndipo zikumbutso za kumapeto kwa mwezi sizinapite. Amayi asungichuma anayimbira mamembala mmodzimmodzi ndi mayunitsi awo.

Mtima unkati ndifufute 1.1.0, koma ndinakumbukira za left-pad. Mu March 2016 Azer Koçulu anachotsa pa npm ka package kake kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, mapulojekiti akuluakulu ngati Babel n'kulephera kulowa pa makompyuta a anthu. Zanga ndi zazing'ono, komabe chimene chatuluka ena amakhala atatsamira kale. Ndinatulutsa 1.1.1 yobwezeretsa khalidwe lakale, kusintha kuja n'kukutulutsa ngati 2.0.0, ndi kufotokoza mu CHANGELOG, fayilo ya zosintha, zoyenera kusintha. Ma lock file onse ndinawaika mu repo, ma seva tsopano amagwiritsa ntchito `npm ci`, imene imalowetsa zokhazo zolembedwa mu lock, ndipo ikaona kusagwirizana imakana.

A katundu ndi a chipereganyu ndinawasamutsira pa 2.0.0, fomu yawo ili ndi kabokosi kosankha dziko. Saluni idakali pa 1.1.1. Makasitomala ake onse ali ndi manambala a kuno, ndipo mwini wake anati ndisakhudze kanthu mpaka chipwirikiti cha December chidutse.