Laser pa khungu la Chimwenye: ndinayamba ndi kadontho kamodzi

Mawanga akuda anandituluka ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, masaya onse awiri ndi kamzere pamwamba pa mlomo. Mwana anabadwa mpaka kuyamba kuyenda, mawanga ali pomwepo. Ine ndine Mmwenye wobadwira ku Limbe, koma ndinakwatiwa ku Leicester ku England, komwe Amwenye a ku Malawi tilipo ambiri moti Chichewa chimamveka pa maukwati. Pa ukwati wina azakhali anandigwira chibwano nati, "Mwana wanga, kaombetse laser zimenezi zithe."

Koyamba ndinalowa mu saluni ina. Mtsikana anandiyang'ana kamphindi, nati andiomba ndi IPL, makina a kuwala kwamphamvu ofanana ndi laser, tsiku lomwelo, ndipo ndikalipiriratu maulendo 6 anditsitsira mtengo. Nditafunsa ngati ayamba wayesa kaye pangodya, anati palibe chifukwa. Ndinanyamula chikwama changa. Kuno ku England wogwira makina amenewa sachita kukhala dokotala, ndipo NHS, chithandizo cha zaumoyo cha boma, silipira za kukongola, ndiye kusamala kumatsalira iwe mwini nkhope.

Ndinapeza dokotala wa khungu, dzina lake ndinalitsimikiza m'kaundula wa GMC, bungwe loyang'anira madokotala kuno, ndisanalipire kanthu. Iye ananena kuti mawanga anga ndi melasma, kuda kwa khungu la kunkhope komwe kumakonda kubwera ndi pakati. Pa sikelo ya Fitzpatrick, yomwe inabwera mu 1975 ndipo imagawa khungu m'magulu 6, ine anandiika pakati pa 4 ndi 5.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa zomwe ndinazemba ku saluni kuja. Laser ya mawanga, ngakhalenso IPL, imasaka melanin, chinthu chomwe chimadetsa khungu. Pa mzungu, melanin wambiri ali pa mawanga pokhapo, ndiye kuwala kumalunjika pomwepo. Ife melanin ali ponseponse, choncho khungu labwinobwino nalo limamwa motowo. Ndipo khungu lathu likapsa kapena kutupa, limabwezera ndi kuda kwambiri. Chiphuphu chimodzi chimatisiyira chipsera miyezi ingapo, nanji moto wa makina! Dokotala anakana IPL, anakananso laser ya CO2 yomwe imasenda khungu. Anasankha laser yotchedwa Nd:YAG ya 1064 nm, chifukwa kuwala kwake kumalowa mozama ndipo melanin wa pamwamba sakumwa kwambiri.

Kenako mafunso. Kodi ndili ndi pakati? Ndimatuluka zilonda za pamlomo? Ndinamwapo isotretinoin, mankhwala amphamvu a ziphuphu? Bala likapola limasiya chipsera chotupa? Ndipo lomwe linandichititsa manyazi: ndimadzola mafuta oyeretsa khungu? Ndinavomera, kabotolo komwe msuweni anandibweretsera. Anati ndikataye, mafuta otere nthawi zambiri amakhala ndi steroid, mankhwala omwe amapyapyalitsa khungu.

Makina sindinawaone kwa miyezi itatu. Usiku ndinkangodzola hydroquinone, mafuta oziralitsa mawanga olembedwa ndi dokotala, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 m'mawa uliwonse, ngakhale kunja kuli mitambo ya ku Leicester ija. Anandisankhira amtundu wa khofi okhala ndi iron oxide, yemwe amatchinga kuwala, poti melasma imadzukanso ndi kuwala wamba. Kutentha nako kumaidzutsa. Ndinaseka, munthu wophika chapati madzulo alionse nkhope ili pa chiwaya.

Tsiku loyesa anaomba kadontho kamodzi pansi pa nsagwada, nati ndibwere pakatha milungu inayi. Ndinanyinyirika, ndalama ndalipira kale. Koma kuda kobwera ndi laser sikuoneka mawa lake, kumatha kudikira milungu. Ndinkakajambula kadonthoko ndi foni Lamlungu lililonse, pawindo lomwelo. Sikanade.

Kuombedwa kwenikweni kunali kwa mphindi zosakwana 15. Anandipukuta nkhope, anandiphimba maso ndi timagalasi tachitsulo, mphepo yozizira ikuwomba pa tsaya. Kumva kwake kuli ngati mafuta akuthethekera pokazinga samusa, tsetsetse, ndi kafungo ka ubweya wowauka. Ndinatuluka nkhope ili psuu, pofika madzulo inazizira. Sabata imeneyo sindinakhule, sindinasambe madzi otentha, chapati anaphika bambo a kunyumba, zokhota m'mbali.

Titafika ulendo wachisanu mawanga anali atazirala ndithu, ine n'kupempha kuti tipitirize. Dokotala anakana. Njira yoomba mofewa kambirimbiri imeneyi, yotchuka ku Korea, ukaionjeza imasiya timadontho toyera, ndipo timeneto n'tovuta kuchotsa kuposa mawanga akuda.

Chaka chatha tinapita kukaona amayi ku Limbe mwezi wa Okutobala. Ndinavala chipewa, ndinadzola, komabe pobwerera tsaya lamanzere linali litayambanso. Azakhali aja atandiona anati ndikaombetsenso. Ine ndabwerera ku mafuta a dokotala kaye, tikaonana naye mu Malichi.