Lachiwiri: "Bambo inu, mwanayo ndi wandani?"

Mayi a kunyumba analawira mbandakucha kupita kumaliro ku Jali, ndiye sikelo ya mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu inagwera ine. Ndinamusambitsa, kumumwetsa phala, kutenga kabuku kake, ulendo kuchoka ku Chinamwali.

Kusikeloko mwamuna ndinalipo ndekha. Amayi anandisendera pabenchi bwinobwino, koma aliyense funso lake linali lomwelo: "Mayi ake adwala?" Wina kumbuyo anatchula za khuzumule, anzake n'kuseka. Zimenezo ndinangozisiya.

Titamaliza ndinapita naye ku Botanic kuti akaone anyani ndi madzi a Mulunguzi. Anathamanga mpaka kutopa.

Zovuta zinayamba titatsikira kumsika, chakufupi ndi depoti. Anaona mafilizesi, ine n'kukana poti ali ndi chifuwa. Anadzigwetsa pansi, kulira kogwedeza msika, ndipo ndinamunyamula paphewa miyendo ikupalapata. Mayi wina wogulitsa tomato anadzambatuka: "Bambo inu, taimani! Mwanayo ndi wandani?" Ndisanayankhe n'komwe, anyamata a kabaza anali atandizungulira. Wina anandigwira malaya. Wina anaweramira mwanayo n'kumukuwira kumaso kuti anene ngati akundidziwa. Mwana wa zaka zitatu, pakati pa nkhope zachilendo, angayankhe chiyani? Anangobisa nkhope m'khosi mwanga, thupi lonse likunjenjemera. Ndinatulutsa kabuku ka kusikelo ndi zithunzi za mufoni, koma chinandipulumutsa n'chakuti bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu ankadutsa, nati, "Asiyeni awa, mwanayo ndi wawo." Anthu anabalalika. Wopepesa panalibe.

Mantha a mayi uja ndikuwamvetsa. Kuyambira 2014 takhala tikumva za ana achialubino obedwa ndi kuphedwa, zina pafupi pompano ku Machinga. Kholo lililonse limagona khutu lili kunja. Koma ndikukumbukanso 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa. Pamene ndinagwidwa malaya paja, zimenezo n'zimene zinandibwerera m'mutu. Pakanangopezeka mmodzi wofuula kuti "wakuba ana", sindikanapatsidwa mpata wotsegula kabuku.

Chikundiwawa n'chakuti akanakhala mayi atanyamula mwana wolira, palibe akanatembenuka. Kuno kwathu timati ana ndi a kuchikazi, wolamula ndi atsibweni awo, bambo ntchito yake n'kubweretsa ufa ndi ndiwo. Tazolowera choncho mpaka bambo akaoneka ndi mwana wake masana, anthu amayamba kufufuza chomwe chalakwika. Chonsecho amayi omwewo amadandaula tsiku ndi tsiku kuti abambo salera ana. Ngakhale lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 kuti bambo azipatsidwa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. Nanga akamulera m'nyumba mokha, pamsewu azimuyenda patali?

Ndiponso ana ambiri ochitidwa nkhanza sapwetekedwa ndi mlendo wa pamsika, koma wachibale kapena woyandikana naye nyumba, ndipo pamenepo m'pomwe timatseka pakamwa poopa kuyalutsa banja. Nambala yaulere ya 116, yomwe a bungwe loona za achinyamata ndi ana la YONECO a konkuno ku Zomba amayendetsa, ilipo pa zoterezi. Wokayika afunse ndithu, ine sindikana kufunsidwa, koma afunse mwaulemu, osakokana malaya mwana akuona.

Madzulo akudya nsima mwana uja anandifunsa kuti, "Adadi, anthu aja amafuna kukumenyani?" Ndinamuuza kuti sanandidziwe chabe. Mayi ake ataimba foni n'kumva nkhaniyi, anati ulendo wina ndizitengako mtsikana wa achemwali awo kuti anthu asamandikayikire. Ndakana. Sindikufuna mboni poyenda ndi mwana wanga, ndipo Loweruka tikwera kuphiri awiriwiri kukaona damu la Mulunguzi.