Galasi la alamu

Anthu amene amati ku Dedza n'kozizira sanakwerepo njinga yamoto mu Johannesburg mwezi wa June, 6 koloko m'mawa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, pamwamba kuposa boma la Dedza lomwelo, ndipo udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Ine ntchito yanga ndi yoperekera zakudya: foni ikalira ndimathamangira kulesitilanti, kuponya phukusi m'bokosi lakumbuyo, kukasiya kwa mwiniwake. Kanjinga kanga ndi ka injini yaing'ono ya 150cc, kopanda chotchinga chilichonse kutsogolo. Ndinkavala majekete awiri, pachifuwa n'kuyalapo manyuzipepala, koma mphepo inkawerenga nyuzipepalayo n'kupitirira mpaka m'nthiti.

Alamu anga amasamalira maluwa kunyumba ina ku Northcliff. Abwana awo ali ndi chinjinga chija choyendera maulendo ataliatali, ndipo atagula galasi latsopano lotchinga mphepo, lakale analiika pa zinyalala. Alamu sataya kanthu. Lamlungu lina anatulukira kwathu ku Rosettenville atalikolekera kumsana.

"Alamu, kuzizira kwanu kwathera pano. R300 yokha, poti ndinu."

"Koma silatalikitsa limeneli?"

"Galasi likatalika ndiye kuti mphepo yochepa. Nanga munaonapo munthu akudandaula kuti bulangete lakula?"

Ndisabise, ine ndine wamfupi. Pa maloboti ndimaponda pansi ndi zala zokha. Titalimangirira kumahandulo ndi tizitsulo ndi mawaya, galasilo linandipitirira mutu, n'kutsalanso malo oti mwana akhalepo. Koma abale, masiku oyambawo ndinamva kukoma! Chifuwa chofunda, maso osalira, chimfine chinathawa. Ndikafika pamalo pomwe timadikirira maoda ku Rosebank, anyamata ankavula zipewa n'kugwada: "Papa wafika, dalitsani njinga zathu!" Ine ndinkangoti nsanje.

Chinayamba kudandaula ndi injini. Kanjinga kamene kankafika 90 popanda kuchonderera kanayamba kuthera pa 70, petulo n'kumatha ngati thanki yabooka. Kenako inafika mphepo ya August, ija imanyamula fumbi la m'milu ya migodi n'kulimwaza mzinda wonse. Galasi la pachinjinga chachikulu limamangidwa ku thupi la njinga. Langa linali kumahandulo, ndiye mphepo ikaliwomba cham'mbali, imakhotetsanso tayala. Pa mlatho wa Nelson Mandela ndinkalowera ku Braamfontein, mphepo inkafuna ndibwerere ku Newtown, ndipo dalaivala wa takisi amene anali pambuyo panga anandiuza mawu a Chizulu omwe sindingawalembe pano.

Fumbi ndi tizilombo zitadzaza, ndinatenga kasanza, kukanyika mu petulo, n'kupukuta bwinobwino. Timangoti galasi, koma zinthuzi ndi pulasitiki, ndipo pulasitiki ndi petulo sizimwerana madzi. M'mawa mwake linali lotuwa, lodzaza timizere. Masana ndinkaonako pang'ono. Usiku nyali iliyonse ya galimoto inkasanduka duwa lalikulu.

Mvula ya kuno sipempha. Imasonkhana masana, mabingu n'kugunda, nthawi zina ndi matalala omwe. Tsiku limenelo inachedwa, inandipeza kutada, ndili ndi pitsa ziwiri zopita ku Melville, dera lonse magetsi atazima. Galasi la njinga lilibe mawaipa. Madzi pagalasi, madzi pa helimeti, mpweya wanga nawo wachita nthunzi mkati. Ndinayesa kuimirira kuti ndisuzumire pamwamba, msinkhu unakana. Ndinayesa kusuzumira cham'mbali, mvula inandimenya mbama. Ndinangoyenda pang'onopang'ono, kutsatira mawu a mayi wa mufoni uja amati khotera kumanzere.

Kenako kutsogolo kunaoneka chofiira. Loboti. Ndinaima.

Mlendo m'dziko la eni sadutsa loboti yofiira, zimenezo aliyense wa ife amadziwa. Tikiti imodzi imadya ntchito ya masiku angapo, osanena mafunso a mapepala. Ndiye ndinadikira. Magalimoto ankandilambalala, ena akuimba mahutala, ine mumtima n'kumati anthu a ku Joni malamulo anawataya kalekale. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba, kasitomala. Sindinayankhe, munthu sayankha foni ali pamsewu. Madzi analowa m'khosi, kutsika msana, kukafika kumene anafika. Loboti osasintha. Ndinaganizako kuti bwanji loboti imeneyi ikuyaka pomwe dera lonse kuli mdima, koma ndinadziyankha ndekha kuti madera a anthu olemera ali ndi zawo.

Ndinangomva gogogo pagalasi. Munthu wa chijasi chamvula, tochi m'manja, akulankhula Chizulu.

"Ambuye, ndalakwanso chiyani?" ndinadziyankhulira.

Tochi inatsika. "Aaa, achimwene, ndinu akumudzi? Nanga mukudikira ndani pano?"

"Loboti, achimwene."

"Iti?"

Ndinatsika panjinga, n'kuyang'ana ndi maso angaanga. Kanali kagetsi kofiira ka pageti, koyendera batire, kakang'ono moti mungakatseke ndi chala. Msewu ndinali nditausiya kale, ndinaima pakhomo pa mpanda wa eni. Mlondayo, mwana wa ku Balaka, anaseka mpaka kutsamira khoma. Atapezako mpweya anandifunsa nambala ya nyumba yomwe ndinkafuna. Inali ya mumpanda womwewo. Mayi wa pitsa uja nthawi yonseyi ankaona pafoni pake kanjinga kataima pageti pake, ndipo anatsimikiza kuti ndikudya chakudya chake. Anatsegula mabokosi onse awiri pamaso panga n'kuwerenga zidutswa.

M'mawa ndinapita kwa madala ena a ku Mangochi amene amakonza njinga kuseri kwa nyumba yawo ku Turffontein. Analiyang'ana galasilo nthawi yaitali.

"Mwanawe, ukuyendetsa njinga kapena ukugulitsa matikiti pawindo?"

Anandikhazika panjinga, nati ndikhale mmene ndimakhalira ndikatopa, osati modzikweza ngati pojambulitsa, chifukwa msana umafupika ukayenda ola limodzi. Anati nsonga ya galasi izilekeza pamphuno. Maso azidutsa pamwamba pake n'kuona msewu, osati kuonera mkati mwake, kuti mvula, fumbi kapena nyali zikaliphimba, iwe uzionabe. Mphepo ikagunda galasi imakwera n'kudumpha pang'ono pamwamba pa nsongayo, ndiye galasi lolekeza pamphuno limaiponya cha pamwamba pa helimeti. Likafupika kwambiri, mphepo yosokonezekayo imadzathera pamutu penipeni. Potsuka, madzi, sopo pang'ono ndi nsalu yofewa basi. Anajambula mzera ndi cholembera, nati ndibwere Loweruka adzadule ndi makina, R80.

R80 imeneyo alamu inawapweteka kuposa ine. "Kudula kokhako? Sowo ndili nayo, alamu."

Anadula madzulo omwewo, galasi lili panjinga. Mbali ya kumanja inatsika pang'ono. Anati alinganize. Atalinganiza, ya kumanzere ndiyo inatsika. Analinganizanso. Pakona panang'aluka, anati achotse mng'aluwo ungapitirire. Pamene ankapukuta thukuta, mzera wa madala uja unali pansi pamodzi ndi zidutswa, galasi likulekeza pachibwano.

"Lakhala la masiku ano," anatero alamu.

Mawu a madala anakwanira tsiku lotsatira pamsewu wa Jan Smuts. Nditangopitirira 60, mphepo yonse ya Gauteng inasonkhana n'kumandiwomba pachipumi, kusiya, kuwombanso. Helimeti inkalira ngati muli chigayo, mutu uli gwedegwede ngati gulo pamtengo. Zikwangwani ndinkaziona ziwiriziwiri. Tsiku lonse ndinayenda choncho, ndipo nditatsika usiku khosi linali lisanamve kuti ulendo watha.

Nthawi yomweyo mayi a kunyumba anaimba pa WhatsApp, ya vidiyo, kuchokera ku Ntcheu. M'makutu munali mukulirabe, ndinkangoona milomo yawo ikuyenda. Anayankhula nthawi yaitali, akuwerenga zinthu pa zala, ine mutu ukugwedera wokha. Mwadzidzidzi anaimba nthungululu, n'kuitana ana kuti adzandithokoze mmodzimmodzi.

M'mawa ndinapeza uthenga. Malata 28, matumba a simenti, fizi ya mlamu wanga wamng'ono, ndi mbuzi ya chinkhoswe cha msuweni wawo. Amisiri awauza kale, ayamba Lolemba.