Maphunziro a ku koleji mwana akadali ku sekondale ku America

Makolo amene tili ndi ana m'sukulu za sekondale kuno ku America timauzidwa za dongosolo lotchedwa dual enrollment, limene limalola mwana kuyamba maphunziro a ku koleji asanamalize sekondale. Phunziro limodzi limawerengedwa kawiri, chifukwa limalowa pa satifiketi ya sekondale komanso limapatsa mwanayo makirediti a ku koleji, mapointi amene wophunzira amasonkhanitsa kuti apeze digiri. Digiri yoyamba nthawi zambiri imafuna makirediti 120, ndipo phunziro la semesita imodzi kawirikawiri limakhala ndi makirediti 3, kotero mwana amene wakhoza maphunziro khumi amakhala atachotsa pafupifupi chaka chathunthu pa zaka zinayi za ku yunivesite. M'dziko limene fizi imasiya mabanja m'ngongole kwa zaka zambirimbiri, palibe kholo limene lingamve zimenezi n'kungokhala chete.

Malamulo ake amasiyana malinga ndi chigawo. Minnesota idakhazikitsa dongosolo lake la Postsecondary Enrollment Options mu 1985, ndipo mwana salipira fizi ngakhale mabuku. Ku Washington, Running Start idavomerezedwa mu 1990, ndipo ana a giredi 11 ndi 12, zaka ziwiri zomaliza za sekondale, salipira fizi, koma mabuku ndi mayendedwe zimakhala za banja. Ku Ohio, College Credit Plus imalandira ana kuyambira giredi 7, pamene Georgia idaika malire mu 2020 akuti boma lizilipirira makirediti osapitirira 30. M'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023, ana pafupifupi 2.5 miliyoni a ku sekondale m'dziko lonseli ankachita maphunziro a ku koleji mwa njira imeneyi.

Chimene ndikuona kuti sichinenedwa mokwanira pa misonkhano ya makolo n'chakuti koleji imene yaphunzitsa mwana ili ndi mphamvu yopereka makirediti, koma ilibe mphamvu yokakamiza yunivesite ina iliyonse kuti iwalandire. Mawu omaliza amakhala ndi sukulu imene mwanayo adzapite. Mu 2017, ofesi ya boma yofufuza kayendetsedwe ka ndalama, Government Accountability Office, idapeza kuti ophunzira amene adasamuka kuchoka pa koleji ina kupita pa ina pakati pa 2004 ndi 2009 adataya pafupifupi makirediti 43 pa 100 alionse. Kafukufukuyo ankanena za osamuka onse, osati ana a sekondale okha, koma khomo limene makirediti a ana athu amadzera ndi lomwelo.

Ine ndi mwana wanga wamkazi, amene akufuna kudzachita uinjiniya, tidatsegula masamba a pa intaneti a mayunivesite amene akuwalakalaka, pamene pali ndandanda yosonyeza kuti phunziro lakuti la koleji yakuti limafanana ndi phunziro liti la kwa iwo. Tidalemba nambala ya phunziro lililonse limene ankafuna kutenga, ndipo mayankho sadafanane. Phunziro la kalembedwe ka Chingerezi lidalandiridwa ndi mayunivesite onse a boma monga lofanana ndi lawo. Phunziro la aljebra lidalandiridwanso, koma linkaikidwa m'gulu la maphunziro ongosankha, chifukwa digiri ya uinjiniya imayambira pa calculus, ndipo masamu otsika kuposa pamenepo sachotsa kanthu pa zimene mwana ayenera kuphunzira. Apa m'pamene mabanja ambiri amapusitsika, chifukwa chikalata chimasonyeza kuti makirediti alandiridwa, koma zaka za ku yunivesite zimakhalabe zinayi. Kwa ine, funso loyenera kufunsa ofesi yolandira ophunzira si lakuti kodi alandira makireditiwo, koma lakuti kodi alowa m'malo mwa phunziro liti pa digiri imene mwanayo akufuna.

Amene akhalabe m'chigawo chawo n'kupita ku yunivesite ya boma zinthu zimawayendera bwino. Ku Florida, makoleji ndi mayunivesite a boma amagwiritsa ntchito manambala ofanana, kotero ENC 1101, nambala ya phunziro la kalembedwe ka Chingerezi, ndi phunziro lomwelo kulikonse m'chigawocho. Ku Texas kuli maphunziro a maziko okwana makirediti 42, ndipo wophunzira amene wawamaliza onse pa sukulu ina ya boma sawabwerezanso akasamukira ku ina. Mwana akangodutsa malire a chigawo, kapena akasankha yunivesite yoti si yaboma, chitetezo chimenechi chimatha. Mayunivesite ena otchuka amakana kupereka makirediti pa phunziro limene lidawerengedwa kale pa satifiketi ya sekondale, kapena limene lidaphunzitsidwa m'kalasi ya ku sekondale ndi mphunzitsi wa pomwepo, ngakhale kuti amaliona monga umboni wakuti mwanayo ndi wakhama. Masukulu ambiri salandiranso phunziro limene mwana wapeza malikisi otsika kuposa C. N'chifukwa chake ndidauza mwana wanga kuti azisunga silabasi ya phunziro lililonse, popeza yunivesite ikakayikira imafuna kuona mitu imene idaphunzitsidwa ndi buku limene lidagwiritsidwa ntchito.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi yakuti malikisi a ku koleji safufutika. Mwana wa zaka 16 amene walephera phunziro chifukwa chotanganidwa ndi masewera amakhala atayamba mbiri yake ya ku koleji ndi F, ndipo ngati adzafuna kulowa sukulu ya udokotala patapita zaka zisanu, F ameneyo adzawerengedwa pamodzi ndi malikisi ena onse. Thandizo la ndalama lochokera ku boma limafunanso kuti wophunzira azikhoza komanso amalize asanapitirire makirediti okwana 150 pa 100 alionse a digiri yake, kotero maphunziro amene mwana adalephera kapena kusiyira panjira akhoza kumuvutitsa pambuyo pake, makamaka akapitiriza pa koleji yomweyo. Ku Ohio, sukulu ili ndi ufulu wouza banja kuti libweze ndalama za phunziro limene mwana walephera. Komanso kholo limene lazolowera kuimbira foni aphunzitsi liyenera kudziwa kuti lamulo la FERPA la mu 1974, loteteza chinsinsi cha zikalata za ophunzira, limapereka ufulu wa zikalata za ku koleji kwa wophunzira mwiniwake ngakhale asanafike zaka 18, ndipo aphunzitsi a ku koleji nthawi zambiri amayankha mwanayo, osati makolo ake.

Anthu amandifunsa ngati maphunziro a Advanced Placement, amene ndi a mulingo wa ku koleji koma ophunzitsidwa ku sekondale, ali abwino kuposa dual enrollment. Kusiyana kwake n'kwakuti Advanced Placement imadalira mayeso amodzi a bungwe la College Board olembedwa mu May, amene malikisi ake amayambira 1 mpaka 5, pamene dual enrollment imadalira ntchito ya semesita yonse. Mayeso a College Board amadziwika m'dziko lonse, kotero amathandiza mwana amene akuganiza zopita kutali, koma dual enrollment imakomera amene akudziwa kuti adzaphunzira m'chigawo chake. Ife tasankha kusakaniza: semesita ino mwana wanga akutenga kalembedwe ka Chingerezi ndi mbiri ya America pa koleji ya zaka ziwiri, ndipo calculus adzailembera mayeso a Advanced Placement, chifukwa awiri mwa mayunivesite amene akuwafuna ali kunja kwa chigawo chathu.