Kachitsulo kolemetsa pampope wa mfuti ya mpweya: malo ake ndiwo ofunika kuposa kulemera kwake

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti mfuti ikalemera kwambiri kutsogolo, zipolopolo zimaunjikana zokha pakati pa chandamale. Zoona zake n'zakuti mfuti za mpweya za mpikisano, monga za Feinwerkbau, Walther, Anschütz ndi Steyr, zikamangidwa pamalo osagwedezeka zimalowetsa zipolopolo pafupifupi m'bowo limodzi. Choncho kachitsulo kamene timamangirira pampope sikakonza mfutiyo ayi, koma kamathandiza munthu amene waigwira, yemwe thupi lake silikhala bata ngakhale atapuma mosamala chotani.

Mu mpikisano wa mamita 10, umene unalowa m'masewera a Olimpiki ku Los Angeles mu 1984, munthu amawombera ali chiimire popanda chotsamira. Kadontho ka pakati ka mapointi 10 n'kotambalala theka la milimita basi, pamene chipolopolo ndi cha mamilimita 4.5, ndipo popeza mapointi amawerengedwa mpaka 10.9, chimene chimalekanitsa 10.9 ndi 10.8 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Kukamwa kwa mpope kuli pafupifupi mita imodzi kuchokera paphewa, motero kanjenjemera kalikonse ka kumeneko kamakhala katakula pafupifupi kakhumi pofika pachandamale.

Apa ndi pamene kachitsulo kaja kamagwirira ntchito. Aliyense amene anayesapo kugwedeza ndodo yaitali yokhala ndi katundu kunsonga amadziwa kuti imakana kutembenuka msanga, pamene katundu yemweyo akakhala pafupi ndi dzanja ndodoyo imayenda mosavuta. Kukana kumeneku sikukula mofanana ndi mtunda: mukasunthira katunduyo kutali kawiri, mphamvu yake yokana imakula kanayi. N'chifukwa chake kachitsulo kakang'ono kokhala kunsonga kwa mpope kangathe kuposa chitsulo chachikulu chokhala pafupi ndi dzanja. Kugwedezeka sikutha, koma kumachepa liwiro, ndipo diso limapeza mpata woona kuti chithunzi chakhala bwino chala chisanakoke. Ndiponso chipolopolo, chimene chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 170 pa sekondi, chimakhalitsako mumpope poyerekeza ndi cha mfuti ya onga, kotero kuti kulakwitsa pang'ono kwa chala pa nthawi imeneyo kumaonekera pachandamale. Mpope wolemera umabisako kulakwitsa kotereku.

Koma pali mtengo wake, ndipo ine ndinaulipira ndi msana. Powombera chiimire, chigongono cha dzanja lonyamula mfuti chimakhazikika m'chiuno kuti katundu adutse m'mafupa mpaka pansi, osati m'minofu. Mukalemetsa kwambiri kutsogolo, pakati pa kulemera kwa mfuti pamachoka padzanja kupita patsogolo, mbali yakumbuyo imafuna kunyamuka paphewa, ndipo minofu imene imayenera kupuma imayamba kulimbana nayo. Nditaika zitsulo zanga zonse kunsonga, zipolopolo 20 zoyamba zinandisangalatsa kwambiri moti ndinaganiza kuti ndapeza chinsinsi. Mpikisano uli ndi zipolopolo 60 m'mphindi 75, ndipo chakumapeto msana unali utawawa, mfuti inkatsika yokha, ndipo ikachoka pakati inkachedwa kubwerera, chifukwa kulemera komwe kumaletsa mfuti kugwedezeka msanga kumailetsanso kubwerera msanga. Mapointi amene ndinapindula poyamba anatayika onse m'zipolopolo zomaliza.

Malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa masewera owombera padziko lonse, nawonso ali ndi malire ake. Mfuti yonse, pamodzi ndi zitsulo zake, isapitirire makilogalamu 5.5, ndipo zitsulo zapampope zisatuluke kupitirira mamilimita 30 kuchokera pakati pa mpope, ngakhale kuzisuntha motsatira mpopewo n'kololedwa. Ndi bwino kuyeza mfuti pasikelo tsiku la mpikisano lisanafike.

Masiku ano ndimasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Ndimayamba ndi kachitsulo kamodzi pakatikati pa mpope, n'kumakasunthira kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo sindiweruza kanthu ndisanawombere zipolopolo zonse 60 kwa masiku angapo. Amene ali ndi chipangizo cha SCATT, chimene chimajambula pakompyuta njira imene mfuti yayenda, angaone ndi maso ngati mzerewo wafupika komanso ngati ukukhalabe waufupi m'zipolopolo 10 zomaliza. Kwa ine kachitsulo kanakhazikika patali pang'ono ndi nsonga, ndipo ndinawonjezera kena kumbuyo kuti pakati pa kulemera pabwerere pafupi ndi dzanja. Mnzanga wina wamtali ndi wamphamvu kuposa ine anayesa mfuti yanga ndipo anaipeza yopepuka kwambiri kutsogolo, moti pa yake anasunthira kachitsulo kunsonga kwenikweni.